Chithunzi Chokhacho cha a Silvester ndi Bwana

A Silvester a ku Tsangano anaphunzira kujambula ndi kamera imene bambo awo anabwera nayo kuchokera kumigodi ku Joni. Anayamba ndi maukwati pa Ntcheu Boma, mpaka mtsogoleri wa chipani china chachikulu anaona chithunzi chake chimene iwo anajambula pamsonkhano, nati, "Munthu ameneyu ndikumufuna." Basi, a Silvester anakwera galimoto ya Bwana, nakalambira momwemo.

Ntchito ankaidziwa, tisawanamizire. Ndiwo anaphunzitsa Bwana kupendeketsa mutu pomwetulira kuti chipsera cha patsaya chisaoneke. Nkhope ya pansalu ya chipani, imene amayi ankavala dziko lonse, inatuluka m'kamera yawo. Koma wojambula saoneka pachithunzi, ndiye analibe ngakhale chimodzi ali ndi Bwanayo.

Mkazi wawo, mayi Dailes, anamwalira kampeni ili mkati. A Silvester atapempha kuti apite kumudzi, Bwana anawagwira paphewa.

"Silvester, ukandisiya pano wandipha. Tsala. Pomanga chiliza ndidzabwera ine mwini, ndidzagwada pamandapo."

Anatsaladi. Akuchikazi anaika maliro mwamuna palibe, ndipo sanaiwale.

Maso atayamba kufooka anawapumitsa ntchito, nabwerera kukalima mbatata. Chiliza sanachimange kwa zaka, kudikira Bwana. Alamu awo a Raymond ankangoti, "Alamu, kodi Bwana wanuyo akubwera pa kabaza?"

Tsiku lina mdipiti wa galimoto za Bwana unaima pamsika wa pamphambano ya Tsangano. A Silvester anasiya ndowa ya mbatata, nadzipanikiza m'chikhamu mpaka kutsogolo, a Raymond ali pambuyo.

"Bwana, ndine! Za chiliza chija..."

Bwana anawakumbatira, ndipo mtima wa a Silvester unakhala pansi. Kenako anamva mutu wa Bwana ukupendekeka, kutsata kamera ya wojambula watsopano.

"Agogo, mbatata zabereka chaka chino?" anafunsa Bwana, nasunthira kwa mayi wa kabichi.

M'mawa mwake a Raymond anabwera ndi nyuzipepala, osaseka ayi. Munali chithunzi cha a Silvester ndi Bwana, ndipo pansi pake panalembedwa kuti: "Mtsogoleri acheza ndi mlimi wa mbatata." A Silvester anachiyang'ana nthawi yaitali, mtima ukuwawa. Chinali chithunzi chabwino ndithu, chipsera sichinaoneke.

Sabata yomweyo anagula simenti. Chiliza chitatha anagwada okha pamanda a mayi Dailes, nati, "Anzanga, pepani, ndachedwa."