Nati Imene Sailas Anamanga Kwambiri

Tsiku limenelo dzuwa la Okotobala linaotcha mpaka phula kufewa pa msewu wochokera ku Kabwe kupita ku Lusaka. Munali mu 1978. Vaneti inaima m'mbali mwa msewu kufupi ndi Chisamba, wilo lakutsogolo likufuka utsi. Pansi pa mtengo wa msuku panagona Esnath, mutu uli pa miyendo ya mkulu wake, Tryness. Mwamuna wa Esnath, Sailas Daka, anali pakati pa msewu kuimitsa galimoto. Zinkadutsa zochepa, zodzaza kale. Pamene lole ina inaima, Esnath anali atatsirizika.

Inu amene mufuna nkhani yolimbitsa mtima, iyi iyambira pamenepa. Amene anamanga wilo limenelo anali Sailas yemweyo.

Sailas anagwira ntchito zaka zisanu ndi zinayi pa galaji ya bambo Whiteson m'tauni ya Kabwe. Ankatsuka zitsulo m'palafini, kupopa jeke ndi kupatsira masipanala. Habu ankaidziwa, chitsulo chija chimene wilo limamangidwapo, chokhala ndi mabering'i m'kati, tizitsulo tobulungira tothandiza wilo kuzungulira. Ankadziwa kuichotsa, kuipaka girizi ndi kuilowetsa. Koma ikafika nthawi yomanga nati yaikulu ya pakati, Whiteson ankamutuma madzi kapena fodya. Amisiri ambiri a masiku amenewo ankatero. Chomalizira ankabisa, kuti wantchito asadzatsegule galaji yake.

Esnath atadwala, anauzidwa kuti apite ku chipatala chachikulu ku Lusaka. Whiteson anawabwereka vaneti, iye n'kupita ku ukwati ku Ndola. Wilo lakumanzere linkalira. M'mawa Sailas anaikamo habu ina yekha. Atafika pa nati anakumbukira amene akwere m'galimotomo. Analowetsa paipi ku sipanala, napondapo ndi thupi lonse, kuti wilo lonyamula mkazi wake lisachoke.

Silinachoke. Mabering'i anafinyika, girizi inasungunuka, chitsulo chinagwirana ndi chinzake.

Maliro atatha, Whiteson anayang'ana habu yakupsayo pamaso pa antchito onse.

"Iwe Sailas, nati ya habu sibamanga monga ya injini. Umanga, ubwezako pang'ono. Nindani sadziwa?"

"Simunanionetseko," anatero Sailas.

"Ndiye nine nakuphera mukazi? Choka pano."

Tryness sanakalipe. Anangosiya kumupatsa moni. Ku tchalitchi cha Reformed, kumene mabanja a ku Petauke ankakumana Sabata lililonse, anthu ankamusiyira malo aakulu pa benchi.

Sailas sanadandaulire munthu. Anapita kumene amataya galimoto zakufa, natola mahabu akale, nawanyamula pa njinga kupita kunyumba kwake ku komboni ya Chowa. Anakhomera pa chitsa ekiselo yakale, chitsulo cholowetsapo habu. Tsiku ndi tsiku ankamanga nati uku akuzunguza wilo, kubwezako pang'ono, kugwedeza, kumasula, kuyambanso. Ankaphwanya mabering'i akufa kuti aone chimene chinawapha. Ochita buluu anafa ndi kutentha. Okumbika anafa ndi fumbi kapena madzi.

Zaka ziwiri palibe amene anamubweretsera galimoto. Ankadya za kukonza mawilibala ndi ngolo.

Woyamba kubwera anali Kizito, woyendetsa takisi, amene magalaji onse anamubweza chifukwa masipeya atsopano anali atasowa m'dziko. Sailas anasankha habu yabwino pa mulu wake, naiika. Atatha anatsegula chitseko n'kukhala kutsogolo.

"Ba Sailas, muyenda kuti?"

"Tiyeni."

Atayenda mamailosi asanu anamuimitsa, natsika, nagunditsa kuseri kwa dzanja pa habu. Inali yofunda chabe. Sailas anabwerera kunyumba wapansi.

Anachita chimodzimodzi ndi galimoto iliyonse. Madalaivala ankaseka, ati makaniko wa ku Chowa amaperekeza wilo ngati mlendo. Koma mawilo ake sankalira, ndipo mzere wa galimoto unayamba kutalika pakhomo pake. Chinanso n'chakuti akafika pa nati ankaitana mwini galimoto. "Bwerani muone." Sankamanga nati munthu atatembenuka.

Mu 1984 amayi a Chigwirizano a ku tchalitchi kuja anakonza ulendo wa ku msonkhano ku Petauke. Minibasi imene anapeza inkalira mawilo onse akutsogolo. Dalaivala anati sanyamula anthu asanaonane ndi makaniko wa ku Chowa. Wotsogolera amayiwo anali Tryness. Anabwera yekha kudzaona, naima patali, atapinda manja.

Sailas anachotsa mawilo, anakoka mahabu, anaika ena. Atafika pa nati anadzutsa mutu.

"Mulamu, bwerani muone."

Tryness anasendera. Sailas anamanga uku akuzunguza wilo mpaka linayamba kulemera. Anabwezako pang'ono. Wilo linayenda mwakachetechete. Analowetsa pini, napinda miyendo ya piniyo.

"Ni ichi chabe?" anafunsa Tryness.

"Ni ichi chabe."

"Kanthu kang'ono so."



M'mawa mwake Sailas anakwera nawo. Pa mamailosi asanu sanaimitse dalaivala. Amayi ankaimba, iye maso ali pa msewu. Atayandikira Chisamba anagwira dalaivala paphewa. Msuku uja unalipobe. Nyimbo inaleka, pakuti ambiri ankadziwa malowo.

Sailas anatsika nagunditsa dzanja pa habu yakumanja, kenaka yakumanzere. Tryness anatsika naye. Anagwada ndi yunifomu yake yoyera, naika dzanja lake pa chitsulo, nalisiya pamenepo nthawi yaitali.

"Yozizira," anatero.

"Muzafika."

"Sembe munadziwa kale, mulamu."

"Inde."

Tryness anadzuka, anasasa fumbi m'maondo. Ali pa chitseko anacheuka. "Tikabwera muzabwere kunyumba kwathu. Bana banga bafunsa za imwe." Anakwera, minibasi inanyamuka.

Musayembekeze kuti ndikuuzani zoti zonse zinakhala bwino. Esnath sanabwerere. Whiteson sanapepese, ndipo anakalamba akulemekezedwa m'tauni. Lero galaji ya Sailas ili ndi denga la malata ndi dzina labwino, koma iye amadya nshima yekha.

Komabe inu amene munalakwa chifukwa wina anakubisirani, inu amene anthu amakusiyirani malo pa benchi, musataye zida zanu. Bwererani pa chinthu chimene chinakugwetsani, muchigwire mpaka manja achidziwe. Mukachidziwa, musachibise. Mtima ukhoza kuwawa moyo wonse, koma musaulole kuti ukuimitseni manja.

Minibasi itazimiririka, Sailas anaima pang'ono pansi pa msuku. Kenaka anawoloka msewu, anakwera lole yobwerera ku Kabwe, nakaika jeke pansi pa galimoto imene inali kudikira.