Mapu pa Boneti

Ndinanama pabwalo la chalichi ku Kabwata, ine mkulu wa mpingo.

Ndinali kukonza zoyendetsa kamotoka kanga kupita ku Livingstone kukaona zigwembe za Batoka, ulendo woyamba chimwalilile mkazi wanga. Ndinafuna kuti amai Tembo, amasiye a m'kwaya, apite nane, koma ndinaopa kuwapempha mwachindunji. Choncho ndinayala mapu pa boneti, n'kumawatembenuza uku ndi uku.

"Amai, njila yandisokoneza. Ndifuna wondiwelengela mapu."

Ine amene ndinayendetsa malole pamsewu umenewo mpaka imvi!

Anandiyang'anitsitsa. "Ba Phiri, mukaoloka Kafue mukhotela kumanja, basi. Na mbuzi ingafike."

Ndinayamba kupinda mapu aja.

"Tinyamuka Lachisanu," anatelo. "Akulu anga atipelekeza, akhala kutsogolo na imwe. Ine kumbuyo."