Mwamuna Wanga Atasiya Kulandira

Kwathu ku Balaka, munthu akatsala pa benchi anzake akupita kutsogolo kukalandira Ukaristia, palibe amene amamufunsa kanthu. Amangomuona. Akatsala Lamulungu limodzi timati mwina wachedwa pa Misa. Akatsala kawiri, katatu, ndiye kuti nkhani ilipo, ndipo anthu pofika pa geti ya tchalitchi amakhala atamupezera kale tchimo lake. Ine ndinakula nazo zimenezo, ndipo ndinakwera nazo ndege kupita nazo ku Dublin.

Azungu a kuno alibe nazo ntchito. Nthawi yolandira ikakwana benchi lonse limadzuka ngati basi yafika. Wotsala amaoneka patali.

Chaka chimene ntchito zinkatha paliponse, chija ankangoti risesheni, mwamuna wanga anachotsedwa ku wehausi ina ya ku Swords, kufupi ndi bwalo la ndege, kumene ankanyamula makatoni. Kumudzi anali mphunzitsi, ndipo Loweruka ankaphunzitsanso ana katekisimu. Ine ndinkasamalira nkhalamba ku nyumba ya okalamba, ntchito imene sinathe, poti anthu sanasiye kukalamba. Tinkakhala ku Tyrrelstown ndi ana athu awiri, m'nyumba zija zofanana zokhazokha, zina zitangosiyidwa zosamaliza kumanga. Basi zinthu zinatembenuka. Ine kutuluka m'mawa ndi yunifolomu, bambo kuperekeza ana kusukulu, kuphika, kuchapa, kusita. Sankadandaula. Ine ndiye ndinkadandaula, poti pakamwa ndili napo, sindikana. Loweruka lililonse ndinkaimbira achemwali anga kumudzi, n'kumaseka nawo mavuto athu mpaka khadi la foni kutha.

Lamulungu loyamba la Lenti ndinadzuka kuti ndikalandire, bambo ali phee. Ndinawagwira paphewa.

"Bambo, tiyeni."

"Pitani, mayi," anatero, n'kukhotetsa maondo kuti ndidutse.

Sindinaganize zambiri. Lamulungu lachiwiri chimodzimodzi. Lamulungu lachitatu chimodzimodzinso. Ndinayamba kudabwa, koma ndinati tione pa Pasaka, chifukwa pa Pasaka ngakhale zidakwa zimapita kukalapa n'kulandira. Pasaka inafika, tchalitchi chodzaza mpaka pakhomo, maluwa ali mbuu ku guwa. Mwamuna wanga, mphunzitsi wa katekisimu, anatsala yekha pa benchi pakati pa majekete a anthu.

Abale inu, ndinapita kutsogolo ndekha. Ndinayamba kuwerenga machimo amene angamangirire mwamuna pa benchi. Mowa samwa. Kuba sakuba, akanaba bwenzi tikuona zobazo. Munthu sanaphe. Latsala limodzi basi, ndipo mkazi aliyense akulidziwa. Chinandilasa kwambiri n'chakuti katekisimu yemweyo ndinkamudziwa nanenso: tchimo ukalapa limakhululukidwa, koma sungalape tchimo limene sukufuna kulisiya. Ndiye ngati bambowa sakupita kukalapa, ndiye kuti mkaziyo sakufuna kumusiya. Banja langa la zaka khumi ndi ziwiri ndinaliona likupita.

Kuwafunsa ndinawafunsa kamodzi tikubwera ku Misa. Anangoti, "Ndi za ine ndi Mulungu, mayi." Ha! Za iwo ndi Mulungu! Nanga ine ndinali chiyani pamenepo, mpando?

Ndinasanduka wapolisi m'nyumba mwanga momwe. Ndinkafuna kununkhiza malaya awo, koma wochapa anali iwo omwe, ndiye ndinkachita kuthamangira basiketi ya zovala asanaifike. Ndinkangomva sopo ndi anyezi. Foni yawo ndinaitsegula akusamba, ndinapezamo mauthenga a kusukulu ndi a makampani owakana ntchito. Ndinati ochenjera amafufuta. Mkazi aliyense amene anawapatsa moni ndinamuyeza kuyambira kumutu mpaka kumapazi: mayi wa ku Nigeria wa nyumba yoyandikana nafe, amayi a pa geti ya sukulu, ngakhale gogo wachizungu wogawa mabuku a nyimbo kutchalitchi, amene ankayenda ndi ndodo. Pa moni wa mtendere mu Misa, mwamuna wanga ankandipatsa nsonga za zala zokha, maso ali kwina, ngati akupatsa moni munthu wa chimfine. Ndinati eya, dzanja lonselo lili ndi mwini wake.

Ndinazindikiranso kuti Lachinayi, tsiku langa la ofu, akangosiya ana kusukulu sankabwerera kunyumba mpaka masana. Lachinayi lina ndinavala jekete la chipewa n'kuwatsatira. Anakwera basi ya ku Blanchardstown, ine ndinakwera yotsatira, mtima uli m'mwamba kuti ndawataya. Ndinawapeza m'kati mwa shopingi senta atakhala pa benchi, manja ali m'matumba. Ndinabisala mu shopu ya nsapato moyang'anana nawo. Ndinayesa nsapato zimene sindikanagula, wogulitsa anandifunsa katatu ngati ndathandizidwa. Maola awiri athunthu bambo anangokhala, kuyang'ana anthu odutsa. Palibe anabwera, foni sanaigwire n'komwe. Kenako anadzuka n'kukakwera basi.

Munthu wanzeru akanaphunzirapo kanthu. Ine ndinati mfitiyo yandiona, n'chifukwa chake sinatulukire.

Nthawi yonseyi ine ndinkalandira Lamulungu lililonse, manja nditapinda bwinobwino. Pobwerera pa benchi ndinkagwada nthawi yaitali dala kuti aone. Pa pemphero la pa chakudya ndinkaonjezera mokweza kuti, "Ambuye, kumbukirani amene agwa m'tchimo ndipo aumitsa mtima." Ana ankayankha amen osamva bwinobwino Chichewacho. Bambo ankamva, ndipo ankangotenga supuni.

Kamodzi pa mwezi Amalawi tinkakumana pa Misa ya Chichewa, ansembe a kwathu akapezeka. Kumeneko ndiye kunalibe kobisala. Titatuluka, mayi wina anandikokera pambali, nkhope ili yachifundo chija chonamizira.

"Koma abambo kunyumba ali bwinobwino? Tikumawaona akungokhala."

Zinandikwana. Ankhoswe athu enieni anali kutali, malume anga ku Balaka ndi achimwene awo a bambo ku Dedza, ndipo mlandu wa banja sukambidwa pa khadi la foni. Kuno timabwerekana ankhoswe. Athu anali banja lina lachikulire la ku Lucan, bambo a ku Ntcheu amene anakhala kuno zaka zambiri, ndi akazi awo a ku Chipata, amene ine ndinkacheza nawo kwambiri. Ndinawaimbira, anatiitana Lamulungu masana. Mwamuna wanga nditamuuza sanakane. Anangoti, "Chabwino," ndipo chabwino ameneyo anandipsetsa mtima kuposa kukana.

Ana tinawasiya kwa mayi wa ku Nigeria uja, yemwe ndinkamukayikira yemweyo. Ku Lucan anatikhazika pa balaza, ife awiri mipando yotalikirana, tiyi ali pa tebulo. Ankhoswe anayamba ndi pemphero, kenako anati wodandaula ayambe, ndipo ayankhule kwa iwo, osati kwa mnzake. Ndinayala zonse. Lenti, Pasaka, nsonga za zala, Lachinayi, benchi la ku Blanchardstown. Nditatchula za shopu ya nsapato mwamuna wanga anadzutsa mutu koyamba.

"Ine ndatopa, ankhoswe," ndinamaliza motero. "Anene kuti mkaziyo ndani. Ngati andisiye andisiye poyera, kusiyana n'kumandichititsa manyazi pamaso pa mpingo."

Ankhoswe anatembenukira kwa bambo. "Achimwene, mwamva. Mkazi alipo?"

"Kulibe, akuluakulu."

"Nanga chikukumangani pa benchi n'chiyani?"

Bambo anaweramitsa mutu. Kenako anayankhula, maso ali pa kapeti.

"Loweruka lina Lenti isanayambe ndinkatsika masitepe ndi basiketi ya zovala. Mayiwa anali kukhitchini, akuyankhula pa foni ndi alamu anga. Ndinawamva akuti, 'Kuno ine ndikulera ana atatu, wachisamba ali ndi ndevu.' Anaseka mpaka kutsokomola. Mu basiketimo munali yunifolomu yawo. Ndinaichapa, ndinaisita, anavala Lolemba. Koma kuyambira tsiku limenelo, ndikawaona akulowa pakhomo, mumtima mwanga mumabwera chidani. Sindikunena kukwiya ayi, ndikunena chidani. Kukalapa ndinapita kamodzi. Ansembe anandifunsa ngati ndili wokonzeka kukhululuka, ndinawayankha zoona kuti ayi. Ine ndinaphunzitsa ana a anthu kuti munthu sapita ku guwa akusunga mnzake kukhosi. Ndiye ndikalandire bwanji? Lachinayi ndimachoka kuti ndisakhale nawo awiriwiri m'nyumba, kuopa kuti ndingayankhule mawu amene sindingathe kuwabweza."

Mayo ine. Mawu aja ndinawakumbukira bwinobwino, chifukwa ndinkawanyadira. Sindinawanene kwa achemwali okha ayi. Ndinaona kuti aseketsa, ndiye ndinawabwerezanso kwa amayi anzanga kangapo, ndipo mmodzi mwa amene anaseka kwambiri anali mayi a ku Chipata omwewa, amene tsopano ankayang'ana m'kapu mwawo ngati mwagwera ntchentche.

"Koma zinali zocheza!" ndinatero, pakamwa paja patsogola kale.

"Mayi," anatero ankhoswe mofatsa, "iwowa anaseka nawo?"

"Manje apa tachimwa tonse," anatero akazi awo chapansipansi. "Na ine ninaseka."

Ndinene zoona, poti ndi zimene ndinadzalapa pambuyo pake. Chimene ndinamva koyamba sichinali chisoni. Ndinakhumudwa kuti mkazi kulibe. Akanakhalapo, ine ndikanakhala wolakwiridwa, mpingo wonse ukanandimvera chisoni, ndipo ndikanasankha ndekha tsiku lowakhululukira. Miyezi itatu ndinafufuza m'matumba, m'foni, pa geti ya sukulu, kufuna mkazi amene akuphwasula banja langa, osadziwa kuti mkaziyo ndinkamuona pa galasi m'mawa uliwonse ndikumanga duku. Munthu amene ankaopa Mulungu anali atatsala pa benchi. Ine ndinkadutsa pa maondo ake kupita kukalandira, n'kumamupempherera mokweza pa tebulo limene iye waphika.

Ndinatsika pa mpando n'kugwada pa kapeti ya eni ake, monga tinalangizidwira pa ukwati. Ndinali ndisanawagwadire kuyambira pamene ntchito yawo inatha, ndipo ndinazindikira zimenezo maondo atafika kale pansi.

"Bambo, ndinalakwa. Pepani. Mundikhululukire."

Ndinkayembekeza kuti andidzutsa, ankhoswe aombe m'manja, timwe tiyi uja. Sanandidzutse.

"Ndamva, mayi," anatero. "Koma musandikakamize kunama pamaso pa akuluakulu. Sichinachoke. Ndikupempha Mulungu kuti achichotse, chikachoka mudziwa."

Ankhoswe sanawakakamize. Anati kukhululuka si chitseko choti munthu wina akukankhire, ndipo anatipempherera n'kutiperekeza pa basi.

Loweruka ndinapita kukalapa. Ndinaimbiranso achemwali n'kuwauza kuti mawu aja ndinalakwa kuwanena, ndipo ndinayankhula chitseko cha kukhitchini chili chotsegula. Koma Lamulungu, nthawi yolandira itakwana, ndinalephera kudzuka. Ansembe anali atandimasula, inde, koma kudutsanso pa maondo aja ndiye ayi.

"Pitani, mayi," anandinong'oneza.

"Ndikudikirani."

Azungu a pa benchi lathu anadutsa movutikira pa maondo a anthu awiri. Pa Misa ya Chichewa mwezi umenewo ndinaona mitu ya amayi ikutembenuka umodziumodzi. Ndinadziwa zimene ankawerenga, poti masamu ake ndinkawadziwa: mowa samwa, kuba sakuba, latsala limodzi. Mayi wachifundo uja sanandifunsenso kanthu, anangondiyeza kuyambira duku mpaka nsapato. Zinandiwawa zedi. Mpaka lero alipo amene amakhulupirira kuti chaka chimenecho ndinali ndi chibwenzi ku ntchito, ndipo sindinapite kukawakonza.

Tinakhala choncho Malamulungu asanu ndi awiri. Ntchito sanaipeze nthawi imeneyo, inadzapezeka patapita chaka china. Ankaphikabe, ankachapabe, koma yunifolomu yanga ndinayamba kusita ndekha, ndipo Lachinayi lina sanapite ku Blanchardstown, tinakhala kukhitchini n'kumasenda mbatata osayankhula zambiri. Loweruka lotsatira anavala jekete n'kunena kuti akupita kutchalitchi. Mtima wanga wakale uja unafuna kufunsa kuti kutchalitchi kwenikweni kapena kwina, koma ndinatseka pakamwa.

M'mawa mwake, pa moni wa mtendere, ndinatambasula dzanja ndikuyembekeza nsonga za zala. Anandigwira dzanja lonse, mwamphamvu, mpaka mphete inandipweteka. Anthu atayamba kupita kutsogolo anadzuka, nakonza kolala, n'kundigwira paphewa.

"Mayi, tiyeni."