Madzi a Pachitsime Chathu

Dzulo mwana wanga anabwera ndi kabotolo ka madzi a m'kadambo ka kuseri kwa nyumba yathu, kuno kutsidya la nyanja, ku Woodbridge. Anandiuza m'Chingerezi chakecho kuti akawaonera kusukulu pa maikulosikopu, makina okulitsa tinthu tosaoneka ndi maso. Nditatsegula, munatuluka fungo la ndere.

Ndinali Sitandade 7 pamene aphunzitsi athu a sayansi anabwereka maikulosikopu kusekondale. Anandituma kukatunga madzi pachitsime chathu, poti kwathu kunali pafupi. Makinawo anawaika pawindo kuti kagalasi kake kakole dzuwa. Kenako anatisimbira za wogulitsa nsalu wina wa ku Ulaya, amene kalekale ankanola yekha timagalasi mpaka anaona tizilombo m'dontho la madzi.

Tinaima pamzere. Itafika nthawi yanga, ndinatsinzina diso limodzi n'kusuzumira. Poyamba ndinangoona nsidze zanga. Kenako kanadutsa kanthu kooneka ngati njere ya nkhaka, kakupalasa ndi tiubweya. Kena kankangozungulira pamalo amodzi.

"Amenewatu ndi madzi akwanu," anatero aphunzitsi, uku akukodola wotsatira.

Masana ndinafika kunyumba kukhosi kutauma gwa. Mayi anatunga madzi mumtsuko n'kundipatsa. Anali ozizira, oyera bwinobwino, akununkhira dothi la mtsukowo. Ndinagwira chikho n'kumangowayang'ana.

"Mwagwera kanthu?" anafunsa mayi.

"Ayi."

"Ndiye imwa msanga, mng'ono wako akudikira chikhocho."

Ndinatsinzina maso onse awiri n'kumwa.