Phesi Loyezera Amama

Ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi pamene amama anadwala chifuwa, kwathu ku Chipangali. Unali mwezi wa Juni, mphepo yolowa m'mafupa, ndipo amama ankangogona pamphasa tsiku lonse akunjenjemera, makutu atakulunga ndi kachitenje kopyapyala.

Kusukulu a Sisitere anali atatiphunzitsa kusoka sikafu yokhala ndi chipewa. Njosavuta: nsalu yaitali umaipinda pakati, n'kusoka mbali imodzi kuchokera popindapo kutsika pang'ono, basi chipewa chatheka, zotsalazo n'zokulunga m'khosi. Anatiuzanso kuti nsaluyo italike ngati mwini wake. Ine, wokonda kuoneka wochenjera chibadwire, ndinaganiza zowasokera amama mobisa ndi bulangete lakale, adzangoona yatha.

Tepi yoyezera ndinalibe. Ndinatola phesi lalitali la chimanga kuseri kwa nkhokwe n'kulowa nalo m'nyumba monyang'ama. Amama anali atatseka maso. Ndinaligoneka pambali pawo, kuyambira kumutu mpaka kuchidendene, n'kuthyola kotsalako.

Pakhomo ndinakumana ndi azakhali, mlongo wa atate, akubwera ndi phala. Anayang'ana phesi, anayang'ana kumphasa, mbale n'kuwapulumuka. Anandikokera kuseri kwa nyumba, dzanja lawo lili zii ngati mwala wa kumtsinje.

"Wakutuma ndani?" ananong'ona.

"Palibe, azakhali. Ndimafuna muyeso wa sikafu."

"Iwe mwana, munthu wogona sayezedwa ndi phesi. Amatero ndi adzukulu akamapita kokakumba manda. Ukuwaitanira chiyani amayi ako?"

Analithyolathyola n'kuliponya pamoto, ndipo anandilumbiritsa kuti ndisauze munthu.

Patapita masiku awiri amama anafookeratu, atate anawatengera kuchipatala cha mishoni pangolo. Ndinalibe chikaiko kuti ndawapha ndine. Njinga ikakhotera kwathu ndinkathawira m'munda wa thonje, kuopa kuti yabwera ndi uthenga. Belu la kutchalitchi likalira pa nthawi yosazolowereka, ndinkatseka makutu. Komabe sikafuyo ndinkaisoka kuseri kwa khola, yopanda muyeso, zala zili mabala okhaokha a singano. Nzeru zachibwana zinkandiuza kuti ndikaimaliza, mwini wake sangalephere kubwera kudzaivala.

Anabweradi patatha masabata awiri, atawonda kwambiri koma akuyenda okha. Ndinawaveka sikafuyo. Inali yokhota, chipewa chake chachikulu chogwera m'maso. Lumbiro lija linandikanika, ndinagwada n'kuulula zonse ndikulira.

Amama anasisita msoko wanga woipawo.

"Ndinali maso, mwanawe," anatero. "Ndinakumva ukugoneka phesi. Ndinati akuluakulu aona kuti zanga zatha, ndiye atuma mwana kuti ndisadzidzimuke. Maso sindinatsegule, kuopa kuti ungachite mantha."

"Nanga kuchipatala, amama?"

"M'mawa uliwonse ndinkadabwa kuti kwandicheranso. Mankhwala ndinkamwa pongolemekeza anesi."

Lero ndine telala ku Kapata, ndipo nyengo yozizira ikafika ndimasoka masikafu otere ambirimbiri. Sindikhulupiriranso kuti phesi lingaitane imfa. Chimene chimandiwawa mpaka pano n'china. Mawu ochepa chabe, akuti ndikufuna kukusokerani sikafu, akanakwanira. Koma ine ndinafuna kudabwitsa, azakhali anafuna kubisa, amama anafuna kunditeteza, ndipo tonse atatu tinakhala chete chifukwa cha chikondi. Munthu wodwala amamva chilichonse chochitika pambali pa mphasa yake, ndipo chimene simunamuuze amadzimasulira yekha. Amama anagona masabata awiri akudziwa kuti dzenje lawo layezedwa kale, ndipo woliyeza anali mwana wawo.