Ankhoswe Anga Ochokera Kundende

Achimwene anga anamangidwa ine ndili folomu wani. Chaka chimenecho mtsinje wa Bua unasefukira n'kukokolola mpunga wathu wonse usanache, bambo atatisiya kale. Pakhomo panatsala amayi, ine ndi achimwenewo, ndipo maso athu tonse anali pa iwo. Munthu wina wa sitolo anawapempha kuti akamutulire thumba ku Salima. Zimene zinali m'thumbamo ankazidziwa, sindingawanamire; ife a kuno fungo la chamba sitichita kuuzidwa. Pa rodibuloko apolisi anatsitsa thumba, n'kutsitsanso wolinyamula. Mwini thumba sanagoneko m'chitokosi. Mpaka lero sitolo yake ikuyenda, ndipo pamaliro amamupatsa mpando wotsamira.

Achimwene anatuluka kundende ine ndikumaliza sekondale. Anabwera ataonda, akutsokomola, koma atadziwa kusoka. Anapukuta makina akale a bambo n'kukawaika pakhonde la golosale ina pa Benga. Ankasoka bwino moti ngakhale owanyoza ankawapatsira nsalu kudzera mwa ena. Koma dzina lawo linafa. Aliyense ankangoti "akundende aja". Nkhuku ikasowa, anthu ankadutsa pakhomo pathu akununkhiza utsi. Ukonde ukasowa padoko, ankafunsa kuti dzulo achimwene anaswera kuti.

Tsiku lina inasowa injini ya boti. Dzuwa lili paliwombo, gulu la anthu linafika kwathu ndi zibonga. Anagubuduza matumba a makaka, anang'amba matiresi a amayi, wina mpaka anasuzumira m'chimbudzi. Achimwene anangokhala pamtondo manja ali pamaondo, poti ankadziwa kuti akangoimirira afa. Patapita sabata injini ija inapezeka ku Dwangwa. Anaigulitsa anali mwana wa mwini boti yemweyo, kufuna za mowa. Akuluakulu anati, "Aa, n'chibwana chabe, mwana akula ameneyu." Nkhani inathera pakhonde la kwawo. Kwathu sikunabwere munthu ndi mmodzi yemwe kudzapepesa.

Ndinawafunsa achimwene kuti bwanji osakadandaula.

"Achemwali, ndende ya boma ndinamaliza," anatero akulowetsa ulusi pasingano. "Iyi ya pamudzi ilibe tsiku lotulukira."

Mawu amenewo sanandimvetse chisoni, anandipsetsa mtima. Ndinaona kuti munthu akatchulidwa wakuba m'mawa ndi masana, mapeto ake amayamba kuyenda ngati wakuba. Achimwene anasiya kulowa m'tchalitchi, ankaima panja pafupi ndi njinga. Atamva wina akuti "samalani njinga zanu", anasiyiratu kupita.

Nditayamba uphunzitsi, ndinapeza bwenzi, mnyamata wofatsa wogwira ntchito mu ofesi ku Dwangwa. Za achimwene ndinamuuza tisanapite patali, iye anati zilibe kanthu. Tinagwirizana za ukwati. Amalume athu anamwalira kalekale, choncho mwini mbumba anali achimwene, ndipo unkhoswe unali wawo popanda wofunsa.

Kutatsala mwezi kuti tichite chinkhoswe, kunabwera amalume ake a mnyamatayo, bambo wa tayi amene anapuma pa ntchito ya ukalaliki. Anasankha tsiku la msika, podziwa kuti achimwene adzakhala pamakina. Ine ndinali kuseri ndikukazinga mtedza woti ndiwapatse, ndipo zonse ndinkamva.

"Mayi, mwana wanu tamukonda," ankatero. "Koma ife banja lathu ndi lodziwika. Kudzabwera anthu aulemu wawo. Simungapeze wina, ngakhale wachibale wapatali, woti aimirire? Awa angokhala nawo kumbuyo, adya, asangalala."

Amayi ndinkawadziwa, akanavomera. Zaka zonse zija za manyazi zinawaphunzitsa kuvomera chilichonse.

Ndinaphula mtedza, ndinalowa, ndinagwada monga mwa mwambo, mbale n'kuika patsogolo pawo.

"Pepani amalume, ndalowerera za akulu. Ankhoswe anga ndi achimwene anga. Ena ndilibe."

"Mwanawe, sitikukana kuti ndi mlongo wako. Koma mbiri yake ukuidziwa."

"Ndikuidziwa kuposa inu. Analakwa, boma linawalanga, anamaliza. Fizi yanga ya kukoleji inatuluka pa makina awo aja. Inu mukufuna mphunzitsi, koma amene anamuphunzitsa mukuti akabisale kuseri?"

"Iwe, khala chete!" anatero amayi.

"Ayi amayi, lero ndiyankhula. Amalume, mng'ono wake wa bwenzi langali anachotsedwa ntchito atagwidwa akupopa dizilo. Munapita inu nomwe kukapepesa kwa abwana, nkhani sinafike kupolisi. Ameneyo mwati adzakhala woperekeza mkwati. Kusiyana kwake ndi achimwene n'kotani? Iye anali ndi amalume a tayi. Ife tinalibe."

Amalume aja anaimirira osalawa mtedza ngakhale umodzi. Ali pakhomo anati mkazi wa pakamwa chonchi sanamuonepo chibadwire.

Chimene sindinayembekezere n'chakuti achimwene nawo andikana. Atamva, anandiitanira kuseri kwa golosale.

"Achemwali, musataye banja chifukwa cha ine. Ndikhala kumbuyo, ndinazolowera."

"N'chifukwa chake ndikukana, mwazolowera kwambiri. Mukapanda kuimirira inu, ukwati kulibe. Mukasoke jekete."

Mnyamata uja anakhala masabata angapo osaimba foni. Sindinamuimbire. Kusukulu aphunzitsi anzanga ankandiuza kuti ndikapepese, amuna a ntchito ndi osowa. Ndinkalira ndithu pobwerera kunyumba, koma m'mawa ndinkatsuka kumaso n'kukaphunzitsa. Kenako Loweruka lina anatulukira pa njinga yamoto, osabwera kwa ine, koma molunjika pakhonde la achimwene. Anavula chipewa, anakhala pabenchi la makasitomala, n'kunena kuti, "Alamu, ndabwera mudzandiyeze suti."

Chinkhoswe chinachitika. Amalume aja sanabwere, anatumiza mng'ono wawo. Mipando ingapo ya kuchimuna inakhala yopanda anthu, ndipo ine sindinalole kuti aichotse. Achimwene anaimirira pamaso pa mudzi wonse, kuphatikizapo amene anang'amba matiresi athu. Anakhosomola, anayang'ana anthu m'maso, n'kunena kuti, "Mbumba iyi ndi yanga, ndipo ndikuipereka ndi manja awiri." Amayi analulutira mpaka mawu anasasa.

Sindinganene kuti mudzi unasintha. Alipo amene mpaka lero amagwira thumba lawo achimwene akamadutsa. Kwa apongozi anga ndimadziwika kuti "mkazi wamwano uja", ndipo dzinalo ndinalilandira, silindiwawa. Kusukulu mwana akasowetsa cholembera, anzake n'kuloza yemwe uja amalozedwa nthawi zonse, ndimati tisecha kalasi yonse kapena tisasecha aliyense.

Chaka chachiwiri cha ukwati tinakangana kwambiri ndi amuna anga pa nkhani yosamukira ku Dwangwa. Ndinalongedza zovala n'kupita kwathu, ndili ndi chikhulupiriro chonse kuti ankhoswe anga aima mbali yanga. Achimwene anatikhazika pansi tonse awiri, anamva mbali zonse osadula munthu mawu. Atatha anandiyang'ana.

"Achemwali, apa olakwa ndinu."

"Achimwene! Ine amene?"

"Inu nomwe. Munafuna nkhoswe, simunafune wokuomberani m'manja. Nyamulani chikwama chanu, basi ikupita."

Ndinanyamula. Njira yonse sindinawayankhule amuna anga, iwo akungoseka chamumtima pampando wa kuwindo.