Chidendene sichiimitsa njinga ku Nyika

Sabata ino ndikulemba ndi mawu osasa, ndipo si chimfine ayi. Ndinaimba nthungululu mopitirira msinkhu wanga, pamwamba pa mapiri, pakati pa anthu amene masiku angapo m'mbuyomo ndinkawayesa akuba.

Mdzukulu wanga Yamikani ndi wakabaza pamsika wathu, panjira yopita ku Simlemba. Nyengo ino ya makuponi njinga yake sipuma. M'mawa matumba a feteleza, masana munthu, madzulo matumbanso. Tsiku lina akuchokera kudepoti, matumba awiri atamanga pakeriyala, anapitirira gulu la anthu a m'tauni amene ankapalasa njinga zonyezimira pamsewu waukulu, atavala timakabudula tothina ngati akukasambira. Anawadutsa akuimba likhweru. Iwo anamulondola mpaka anamupeza patsinde pa mango pomwe akabaza amadikirira anthu.

Mtsogoleri wawo anali mzimayi, Mayi Gondwe. Anamuuza kuti akupita ku Nyika kukapalasa m'njira za m'paki momwe simudutsa galimoto, ndipo miyendo ngati yakeyo n'kulakwa kuti izingothera pa feteleza. Malo m'galimoto alipo, chakudya chilipo.

Atandiuza, ndinamufunsa ngati waiwala kuti kuno ndi ku Kasungu. Ife tinaona malole akutsitsa anthu ochokera kutali, atawalonjeza zokoma, n'kudzathera pa utenanti m'maesiteti a fodya. Munthu akakuuza kuti chakudya chilipo, yang'ana pomwe wabisa khasu. Komanso ndani anamvapo kuti munthu wamkulu, wa ntchito yake, n'kuyenda mtunda wonsewo kukangopalasa njinga yopanda katundu? Kulibe maliro, kulibe wodwala, kulibe chigayo. Basi kungopalasa?

Mwanayo anaumirira, maso ali gwa. Ndiye ndinaika malamulo anga. Ndipita nawo ndekha. Ndipo apalasa njinga yake, osati yobwereka, poti chobwereka chikathyoka chimasanduka chagolide.

Mayi Gondwe anabwera kunyumba kudzandiona. Za kupita nawo anavomera akuseka, nati ndikakhala kutsogolo pafupi ndi dalaivala kuti ndizimuyang'anira bwino. Kenako anagwira njinga ya Yamikani, n'kuyamba kufunafuna china chake pamahandulo. Anafunsa kuti mabuleki ali kuti. Mnyamata wanga anakweza phazi n'kuwaonetsa chidendene.

Inu a kumapiri musaseke. Kuno dziko ndi lathyathyathya ngati mphasa. Mabuleki akatha timangowachotsa, mawaya ake ana n'kupangira galimoto zawo. Wofuna kuima amaponda tayala lakumbuyo ndi patapata, njinga n'kuima yokha ndi manyazi. Malemu amuna anga anapalasa choncho mpaka kukalamba, atanyamula mabelo a fodya, ndipo anamwalira ndi matenda ena.

Mayi uja sanaseke. Anandiyang'ana m'maso nati, "Amama, mwana wanuyu ndamukonda. Koma ine sinditsika ndi maliro kuchokera ku Nyika. Mabuleki, nsapato zotseka, chisoti. Apo ayi atsale."

Mumtima ndinati eyaa, ndawagwira. Ndiye kuti anapangana ndi wogulitsa zipangizo. Choncho kwa Che Asani, amene amagulitsa zitsulo za njinga pamsika, ndinapita ndekha. Bambo aja anafufuza m'sitolo mwawo mpaka fumbi kuwatsamwitsa, n'kukapeza mabulekiwo pansi pa katoni yomwe mbewa zinaberekeramo. Anandiuza kuti matayala, machubu ndi matcheni sizigona, koma mabuleki amagula ndi aphunzitsi atsopano okha, amene sanadziwe dera. Apa ndinaona kuti pangano panalibe. Munthu wochita pangano sasunga katundu kwa mbewa.

Ulendo wake ndi wautali, ndipo ukapitirira Rumphi msewu umakugwedeza mpaka kukumbuka machimo a paubwana. Koma titatulukira pamwamba, anzanga, ndinasowa chonena, ine amene ndimalemba sabata iliyonse.

Mapiri osalala, audzu okhaokha, otsatizana mpaka pomwe maso athera. Palibe chigafa cha fodya, palibe utsi, palibe munda. Mbidzi zinaima pambali pa njira n'kumatiyang'ana ngati ife ndiye nyama. Kwathu mwezi uno timagona osafunda, koma kumeneko ndinadzikulunga ndi zitenje zonse zomwe ndinatenga, mano akugundanabe. Nkhungu imabwera ngati munthu, kukudutsa, n'kupita. Ndinafunsa dalaivala ngati tikadali m'Malawi. Anati tikadalimo, ndipo ndinamukhulupirira pang'ono chabe.

Njira za opalasa njinga si misewu monga mukuidziwira. Kwina ndi mizere iwiri m'udzu, kwina kanjira kamodzi ka miyala ngati kopita kudambo, kwina umawoloka mtsinje njinga ili paphewa. Galimoto yathu inkadutsa msewu waukulu wa m'pakimo n'kukawadikira pomwe tinjirato timatulukira. Mlonda wa paki anali nafe, mfuti ili pamsana, chifukwa m'nkhalango zake muli zilombo za mano.

Pokwera, Yamikani anayamba ndi matama a kumsika. Njinga yake ilibe magiya, choncho ankaimirira pamapedulo, keriyala ikulira. Sanafike patali, mpweya unamuthera. Anatsika n'kumakankha ngati anzake onse, akudandaula kuti mphepo ya kumeneko ilibe msuzi, ukaipuma siikhutitsa.

Kutsika ndiye kunali nkhani. Ine ndi dalaivala tinayenda wapansi n'kukaima m'munsi mwa chitunda china chachitali, pomwe kanjira kamakhota mwadzidzidzi. Kuseri kwa pokhotapo kuli chigwembe cha miyala, madzi akumveka pansi. Tinawaona akutulukira pamwamba, tating'ono ngati nyerere. Mmodzi anasiyana ndi anzake n'kuyamba kukula msanga. Ndinamudziwa ndi malaya. Anali wanga.

Njinga ya kabaza ndi yolemera, ndipo potsetsereka kulemerako kumasanduka liwiro. Ndinaona phazi lake likuchoka papedulo n'kupita kumbuyo, kutayala, monga lachitira moyo wake wonse. Mabuleki atsopano ali m'manja mwake, iye akufuna kuima ndi chidendene. Nsapato yake ya kutchalitchi inang'ambika, soli n'kuulukira m'udzu. Njinga sinamve kanthu.

Amene anafuula ndi Mayi Gondwe, akutsika kumbuyo kwake ngati mphamba.

"Manja, Yami! Finya ndi manja!"

Anafinya. Tayala lakumbuyo linakhwekhwereza miyala, fumbi linabuka, njinga inapendama uku ndi uku, n'kudzaima pokhota penipenipo, chigwembe chili pamphuno. Anayang'ana zala zake ngati za munthu wina. Kenako anandiona, nati, "Agogo, zimagwiradi izi."

Nthungululu ija inayambira pamenepo.

Tsiku lonse lotsalalo anapalasa ndi nsapato yomangidwa ndi mphira wa chubu. Anaphunzira kutsika, kufinya pang'ono n'kusiya, kufinyanso. Pofika madzulo ankatsetsereka akukuwa ngati mbusa wa ng'ombe, mphoyo zikuthawa m'mbali, ine ndikuthamangira pamwala uliwonse kuti ndione bwino. Sindinamuonepo mwanayu akuseka ali panjinga. Kwathu akakhala panjinga nkhope imakhala ya munthu wosenza. Amati mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi, ndipo ndinaona ndi maso anga.

Pobwerera ndinalingalira zambiri. Ife njinga tinaisandutsa bulu. Inyamule feteleza, inyamule mbuzi, inyamule apongozi. Kuti ingamusangalatse munthu, zimenezo timati ndi za azungu, chonsecho mapiri aja ndi athu ndipo amene anatitengera kumeneko ndi ana a kuno komwe. Ndi angati a ife a m'zigwa za fodya amene anapondako ku Nyika? Ine ndafika ndi imvi, ndipo ndikanafa osaona.

Koma musaganize kuti ndasiya kukayikira anthu. Ndangosintha pokayikira.

Mdani amene wapanjinga wa kuno amamudziwa ndi lole ya fodya. Akamva hutala amadziponya m'tchire, ndipo tonse timati ngozi ndi imeneyo. Yamikani atamva kuti ku Nyika kulibe galimoto anayesa kuti kulibe choopsa. Inenso ndinatha masiku ndikuyang'anitsitsa nkhope ya Mayi Gondwe, kufufuza bodza lake, osayang'anako njinga imene imagona m'nyumba mwanga.

Ndipo kuno nako si konse kwathyathyathya. Potsikira kumilatho pali zitunda. Mvula ikayamba, matope amaterera ndipo patapata sagwira tayala lonyowa. Munthu akagwera mumtsinje ndi matumba ake timati ndi tsoka, ena amati anamulodza chifukwa cha kuponi.

Dzulo ndinapita patsinde pa mango paja. Ndinayamba kumapeto kwa mzere, kugwira mahandulo a njinga iliyonse, kufunafuna chofinya. Anyamata anandiseka, wina nati agogo abwera ndi misala ya kumapiri. Pena ndinapeza chitsulo chongolendewera, pena waya womangidwa ndi luzi, pena palibiretu kanthu. Ndili pomwepo panafika mtsikana wodwala pakati, wotopa kale, akufuna kupita kusikelo, kutsidya kwa mtsinje. Ndinamugwira dzanja n'kumukweza kwa Yamikani. Enawo anadandaula kuti ndikukondera. Ndinawauza kuti inde, ndipo katoni ya Che Asani ikadalipo.

Inu amene mawa mukweza mwana wanu pakabaza, mudzakangana naye mnyamatayo za mtengo mpaka thovu kukamwa. Kodi mudzamufunsa kuti akafika potsetsereka adzaima ndi chiyani?